Chimene Chinkagwetsa Maungu a Fainala

Fainala anawerama pakati pa maungu ake n'kutola kadzungu kena kamene kanali katagwa pansi. Kanali kakang'ono ngati dzira la nkhuku, katasanduka chikasu, kunsonga kutayamba kuda. Atakafinya ndi chala kanangophwanyika. Anasuntha pang'ono n'kupeza kena, kenako kenanso. Umu ndi mmene zinkakhalira m'mawa uliwonse chiyambire Januwale. Maunguwo anayanga bwino, masamba obiriwira, maluwa ali mbwee, koma dzungu loti munthu n'kuphika panalibe ngakhale limodzi. Kadzungu kakangooneka kankakhala masiku ochepa, n'kufota, n'kuthothoka.

Fainala ndi mwamuna wake Kalekeni anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya wa bale kufupi ndi kwa Kaomba. Nyumba yawo inali yofolera ndi udzu, pafupi ndi chigafa choumitsiramo fodya. Mwini esiteti anawalola kulima kamunda kakang'ono pakati pa nyumbayo ndi munda wa fodya, ndipo m'kamundamo ndi mmene Fainala anabzala chimanga pang'ono ndi maungu. Phoso la ufa limene ankalandira kwa mwini esitetiyo silinkafika kumapeto kwa mwezi. Aliyense wokhala pa esiteti amadziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wautali. Fodya amakhala akufuna manja onse, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, pamene chimanga cha m'munda sichinakhwime. Chimene chimaolotsa banja pa nthawi imeneyi ndi maungu. Chaka chimenechi Fainala sankaona chowaolotsa.

Chinkamudya mtima kwambiri chinali mwana wawo Tithokoze, wa zaka ziwiri. Sabata yapitayo anapita naye ku sikelo, ndipo azaumoyo atamuyeza mkono ndi kalamba ka mitundumitundu koonera ngati mwana akunyentchera, kanaima pachikasu. Anamuuza kuti mwanayo sanafike podwala, koma ali m'mphepete. Anati m'phala lake azisakanizamo dzungu, nsinjiro ndi masamba, ndipo abwere nayenso mwezi wamawa. Fainala anangovomera ndi mutu. Panjira yobwerera ankamva kupepuka kwa mwanayo kumsana, akudziwa kuti nsinjiro alibe, ndipo maungu ake akuwolera pansi.

Si kuti banjali linangokhala pansi. Kalekeni anaona tizilombo tofiira tikuboola masamba, n'kunena kuti mdani ndi ameneyu. Ndiye m'mawa akamaliza kupopera fodya, ankabwera ndi mankhwala otsala m'pampu n'kuwaza pa maungu onse, masamba ndi maluwa omwe. Tizilombo tija tinafadi, koma timaungu tinapitiriza kugwa. Ataona choncho anayamba kupopera pafupipafupi. Naye Fainala, pofuna ndiwo, ankalawirira kukathyola nkhwani ndi chiluwe mame asanaume. Ankasankha maluwa opanda kadzungu pansi pake, poti ankawaona ngati opanda ntchito, n'kuwathyola onse kuti mphika udzaze.

Chimene chinasokoneza maganizo ake ndi munda wa Modester. Modester anali mkazi wa tenanti wina, ndipo nyumba yawo inali kumathero a esiteti, pafupi ndi manda akale a mudzi umene unasamuka. Pamanda pamenepo ndi pokhapo pamene panatsala mitengo, chifukwa kwina konse inatha kudulidwa pomanga zigafa. Mbewu zimene Fainala anabzala anapatsidwa ndi Modester yemweyo, za dzungu limodzi. Koma kwa Modester maungu anali atagona m'munda ngati ana a nkhumba, ena aakulu kuposa mutu wa munthu.

Fainala anakumbukira kuti tsiku lina Modester anabwera kudzacheza, n'kuima m'mbali mwa kamunda kaja akuyamikira mmene maungu anayangira. Polankhulapo ankaloza timaungu ndi chala. Kwawo kwa Fainala akuluakulu ankaletsa zimenezo, ankati dzungu lolozedwa silikula. Poyamba anachotsa maganizo amenewa m'mutu mwake. Koma tsiku lililonse akatola timaungu towola, n'kuyang'ana timikono ta Tithokoze, maganizo aja ankabwerera ndi mphamvu.

Anaphulika nazo pa mjigo, amayi ena ali pomwepo. Modester anamupatsa moni monga mwa nthawi zonse, n'kufunsa za mwana. Fainala sanayankhe moniwo.

“Inu mayi,” anatero, “munandipatsa mbewu ndi dzanja, n'kudzandilanda ndi chala. Kuyambira pamene munaloza maungu anga, palibe limene lakula. Anu a kumandawo ndiye akungobereka.”

Modester anasenza ndowa yake isanadzaze n'kumapita. Pasanathe masiku, nkhani inali itafala pa esiteti yonse. Ena anayamba kunena kuti maungu omera pafupi ndi manda ali ndi eni ake. Amayi amene ankapita kwa Modester kukapempha ndiwo anasiya, ndipo ana awo anawaletsa kusewera kumeneko. Fainala ankaganiza kuti akalankhula mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Maungu ankagwabe, ndipo tsopano analibenso mnzake wodandaula naye.

Kalekeni anati mwina angozula maunguwo n'kubzala mbatata. Fainala anakana, poti mbatata yobzala lero sidyedwa mawa. Anakangana pang'ono, aliyense n'kupita ku ntchito yake.

Sabata yomweyo kunabwera mlangizi wa zaulimi, mayi Sellah Mphepo, kudzaona mbozi zimene zinkadya chimanga cha matenanti. Anthu anasonkhana pamthunzi wa chigafa. Msonkhano utatha, Fainala anadikira kuti ena achoke, n'kumasula pakona pa chitenje chake pamene anamangapo timaungu towola. Anafotokoza zonse, kupatula za pa mjigo.

Mayi Mphepo anang'amba kadzungu kamodzi pakati n'kuyang'ana m'kati. Anafunsa ngati timagwa tonse tikadali tating'ono choncho, ngati masamba akufota, ndiponso ngati m'mundamo mumadikha madzi. Kenako anafunsa funso limene Fainala sankaliyembekezera: kodi m'mawa amaona njuchi pa maluwa? Fainala anaganiza, n'kunena kuti sanayambe walabadirapo.

“Ndibwera mawa dzuwa likangotuluka,” anatero mayi Mphepo. “Musathyole kanthu ndisanafike, ndipo muwauze abambo asapopere.”

M'mawa mwake mlangiziyo anafikadi pa njinga, mame adakali pa udzu. Kalekeni anali atapita kale kukathyola fodya. Mayi Mphepo anamutenga Fainala mpaka pakati pa maungu n'kumuuza kuti angoima, amvetsere. Anaima. Maluwa anali atatseguka onse, achikasu owala. Kutali kunkamveka anthu akuitanizana m'munda wa fodya, koma m'kamundamo munali zii. Palibe chinkauluka, kupatula ntchentche imodzi.

Mayi Mphepo anagwada n'kumuonetsa maluwa awiri. Limodzi linali ndi phesi lalitali lowonda, m'kati muli kanthu kosongoka kokhala ndi ufa wachikasu. Linalo linali ndi phesi lalifupi, pansi pake pali kadzungu. Anati loyambalo ndi lachimuna, ndipo ufa wachikasuwo umatchedwa mungu. Lachiwirilo ndi lachikazi. Kuti kadzungu kaja kakule, mungu uyenera kuchoka pa duwa lachimuna n'kukafika m'kati mwa duwa lachikazi. Mungu wa maungu ndi wolemera, womata, ndiye mphepo siingaunyamule ngati mmene imachitira ndi wa chimanga. Amene amaunyamula ndi njuchi, pamene zikuyendera maluwa kufuna timadzi totsekemera.

“Ndipo duwa lachikazi limatseguka m'mawa umodzi wokha,” anatero. “Dzuwa likakwera limatseka, basi. Njuchi zikapanda kufikapo m'mawa umenewo, kadzungu kaja kamafota n'kugwa, ngati mmene mukuoneramu.”

Fainala anafunsa motsitsa mawu ngati maluwa opanda kadzungu aja ndiwo achimuna. Atayankhidwa kuti inde, anaulula kuti iye amawathyola onse mbandakucha. Mayi Mphepo sanamukalipire. Anati amayi ambiri amachita chimodzimodzi, ndipo chiluwe ndi ndiwo yabwino, kungoti nthawi yothyolera ndiyo ikufunika kusintha. Kenako anakweza masamba angapo n'kuyang'ana pansi. Panali njuchi ziwiri zakufa, miyendo itapindika. Ananunkhiza tsamba limodzi n'kufunsa kuti akhala akupopera mankhwala anji. Atamva kuti ndi a fodya, nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati nkhwani wa m'mundamo akudya, ndiponso ngati mwana akumupatsako. Fainala anavomera akuyang'ana pansi.

Mayi Mphepo anamuuza mosabisa kuti mankhwala a fodya sanapangidwire zakudya. Ena amakhalitsa pa masamba ngakhale mutawatsuka, ndipo thupi la mwana wamng'ono silichedwa kugonja. Anati masamba onse opoperedwawo awasiye, adikire ophuka kumene, ndipo akapitanso ku sikelo akawauze azaumoyo. Fainala anamasula Tithokoze kumsana n'kumunyamula kutsogolo. Mwanayo ankangoseweretsa nsonga ya chitenje cha mayi ake.

Kenako mayi Mphepo anafunsa ngati pa esitetiyo pali wina amene maungu ake akubereka. Fainala anazengereza, n'kutchula dzina la Modester. Mlangizi anati apite komweko nthawi yomweyo maluwa asanatseke. Fainala anafuna kukana, koma chifukwa choti apereke chinamusowa. Anatsatira pambuyo.

Anamupeza Modester akusesa pabwalo. Modester analonjera mlangizi mwaulemu, n'kungomuyang'ana pang'ono Fainala. Atamva chimene abwerera, anawatsogolera kumunda osafunsa zambiri.

Asanafike n'komwe, Fainala anamva phokoso. Munda wonse unkang'ung'udza. M'duwa limodzi munali njuchi zitatu zikukankhana, zikutuluka zitayera mbuu ndi ufa wachikasu. Panali bemberezi wamkulu wakuda amene ankati akatera duwa linkawerama. Panalinso tinjuchi ting'onoting'ono timene Fainala akanati ndi ntchentche. Mayi Mphepo anati zonsezi ndi njuchi zakwathu konkuno, palibe amene amaziweta. Zina zimakhala m'mphako za mitengo, zina zimaboola mitengo youma, zina zimakumba timauna m'nthaka yosalimidwa. Analoza mitengo ya pamanda ija.

“Nyumba zawo ndi izo. Pamenepo palibe amadula mtengo, palibe amatentha, palibe amapopera. Munda uno uli pakhomo pawo, n'chifukwa chake ukubereka. Palibe china.”

Modester anati iye sapopera chifukwa pampu amatenga mwamuna wake n'kukaibweza kwa kapitawo ikangotha ntchito. Tizilombo tofiira amangotitola ndi manja, kwinako n'kuwaza phulusa pa masamba. Ananena zimenezi akuyang'ana mlangizi, osati Fainala.

Fainala anaima pamenepo manyazi atamukwana thupi lonse. Pomaliza anangoti, “Amayi, ndinakulakwirani.” Modester anayankha kuti wamva, koma mawu onenedwa pa mjigo sathera kumunda. Kenako anatembenuka n'kubwerera kukasesa.

Pobwerera anamupeza Kalekeni akutsitsa mtolo wa fodya pa chigafa. Mayi Mphepo anamufotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Kalekeni anamvetsera nkhope ili gwaa. Anati iye ankafuna kuthandiza, ndipo fodya sangasiye kupopera chifukwa kapitawo amayendera mizere, tsamba likaonongeka mlandu ndi wa tenanti. Za bemberezi ndiye anaseka mowawidwa mtima. Anati amenewo ndi adani, amaboola mitengo ya chigafa, ndipo iye akawaona amawamenya ndi thabwa n'kutseka mabowo awo ndi dothi.

Mayi Mphepo anati sanabwere kudzaletsa munthu kusamala fodya. Anangopempha zinthu zochepa. Mankhwala a fodya asafike pa maungu ngakhale dontho. Mizere ya fodya yoyandikana ndi kamundako azipopera madzulo maluwa atatseka, ndipo asapopere mphepo ikamawombera ku maungu. Za bemberezi anati ndi zoona amaboola mitengo, koma akafuna asamalimbane ndi chigafa, awaimikire zipika zouma za mtengo wofewa kuseli kwa nyumba, ambiri azikaboola kumeneko. Analonjeza kuti akalankhula yekha ndi kapitawo za nthawi yopopera, kuti mlandu usagwere Kalekeni.

Kalekeni sanavomere pomwepo. Anafunsa kuti ngati njuchi zinatha kale, kusiya kupopera kuthandiza chiyani? Ili ndilo funso limene linalinso pamtima pa Fainala.

“Ndiye kuti tachedwa?” anafunsa Fainala.

“Simunachedwe. Maungu anuwa apitiriza kuchita maluwa. Njuchi zibwerera, koma pang'onopang'ono. Podikira, ntchito yawo muzigwira ndinu.”

Anabwerera m'kamunda muja maluwa ena asanatseke. Mayi Mphepo anathyola duwa lachimuna limodzi, n'kuchotsa timasamba tachikasu tozungulira, kutsala kanthu kosongoka kaja ndi ufa wake. Anakalowetsa m'duwa lachikazi n'kupakapaka mofatsa pa timitu tam'kati, mbali zonse. Anati ntchito ndi yomweyo. Anamupatsa Fainala kuti ayese. Fainala anayesa ndipo anatha. Mlangizi anamuuza kuti azimanga kansalu pa phesi la duwa lililonse limene wapaka, kuti azidziwa poyang'ana. Chiluwe cha ndiwo azithyola dzuwa likakwera, maluwa atagwira kale ntchito yawo.

Masiku otsatira anali ovuta kuposa onse. M'mawa mwake kunagwa mvula yamphamvu, maluwa n'kudzaza madzi, ufa uja n'kusanduka phala. Fainala anapakabe, koma timaungu timeneto tinagwa ngati tinzake. Phoso linali litatsala pansi pa thumba. Nkhwani sankathyola monga anauzidwira, ndiye ndiwo inali chisoso ndi bonongwe wotola kutali ndi fodya. Tithokoze ankadya timasupuni tochepa n'kukankha mbale.

Tsiku lina masana anabwerako kosoka fodya n'kupeza dzungu lalikulu lili pakhonde. Panalibe munthu. Mkazi wa nyumba yoyandikana nayo anati anasiya ndi Modester, ndipo anati ndi la mwana. Fainala anakhala pansi pomwepo, misozi ili m'maso. Analidula, n'kuphika, n'kulipota m'phala. Tithokoze anamaliza mbale yonse n'kunyambita zala.

M'mawa mwake, atamaliza kupaka maluwa, anapita ku mjigo nthawi imene amayi amachuluka. Anadikira Modester afike. Kenako anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti mawu amene analankhula pamalo pomwepo anali abodza, ochokera m'mantha ndi umbuli. Anafotokoza zimene anaona ndi maso ake: njuchi zakufa pansi pa masamba ake, ndi njuchi zamoyo m'munda wa Modester. Anati amene anagwetsa maungu ake ndi iye mwini ndi mwamuna wake, mosadziwa. Amayi ena anayang'anana, poti ambiri a iwo maungu awo ankagwanso ndipo ankangovutika chamumtima. Modester anangomuthandiza Fainala kusenza ndowa, n'kumufunsa ngati mwana anadya.

Fainala anapitiriza ntchito yake ya m'mawa. Ankadzuka nkhuku zikutsika, n'kuyendera mzere ndi mzere kufuna maluwa achikazi otseguka kumene. Akamaliza ankayang'ana timaungu tomangidwa nsalu, mtima uli m'mwamba. Tsiku lina anaona kuti kamodzi sikanasanduke chikasu. Duwa lake linali litafota n'kugwa, koma kadzunguko kanali kobiriwira, kolimba, konyezimira. Sanauze aliyense, kuopa kudzinamiza. Anadikira. Kanafika ngati chibakera, kenako ngati chikho. Pambali pake panagwiranso tina.

Apo ndi pamene anamuitana Kalekeni. Mwamunayo anagwada, n'kuligwira dzungulo ndi manja onse ngati akuyesa kulemera kwake. Sananene kuti mlangizi ananena zoona, koma madzulo a tsikulo anabwera ndi zipika ziwiri zouma n'kuziimika kuseli kwa nyumba. Kapitawo anali atavomera kale zoti mizere ya m'mphepete izipoperedwa madzulo, poti kwa iye chachikulu chinali choti fodya apoperedwe. Kalekeni anasiyanso kusenga udzu ndi maluwa akutchire a m'malire mwa kamundako, poti mayi Mphepo anapemphanso zimenezi, kuti njuchi zizipeza chakudya ngakhale maungu atasiya maluwa.

Njuchi sizinabwere tsiku limodzi. Poyamba Fainala anaona imodzi yokha ikuzungulira duwa. Anaima patali osagwedezeka mpaka inalowa. Patapita masiku zinabwera zingapo, kenako bemberezi, kenako tinjuchi tating'ono tija. Pofika kumapeto kwa Febuluwale, akafika ndi duwa lachimuna m'manja ankapeza njuchi zamutsogolera kale. Anayamba kupaka maluwa ochepa okha, makamaka m'mawa wa mitambo pamene njuchi zimachedwa kutuluka.

Maungu oyamba anawadya akadali anthete, chifukwa njala sidikira. Ena anawasiya akhwime. Amayi a pa esiteti anayamba kubwera m'mawa kudzaona mmene amapakira maluwa, ndipo Fainala ankawaonetsa, Modester ali pambali pake kufotokoza za phulusa ndi kutola tizilombo. Amuna ena ankanyozabe, koma akazi awo anayamba kuwaletsa kutsanulira mankhwala otsala m'minda ya ndiwo.

Atapitanso ku sikelo, Fainala anawauza azaumoyo za mankhwala aja monga analangizidwira. Anamuyeza mwanayo bwinobwino n'kunena kuti sakuona chizindikiro choopsa, koma anachita bwino kusiya. Kalamba kaja kanali kadakali pachikasu, koma sikelo inakwera. Mwezi wotsatira kanafika pobiriwira. Fainala anapempha kuti amuyezenso kachiwiri kuti atsimikize, ndipo azaumoyo anaseka n'kumuyezanso.

Mayi Mphepo anabweranso mu Malichi, fodya ali m'zigafa. Anapeza maungu ataunjikidwa pamthunzi kuseli kwa nyumba ya Fainala, ena atawalenga n'kuwayanika kuti adzadye m'chilimwe. Matenanti atasonkhana, anapempha Fainala kuti afotokoze yekha zimene anaphunzira. Fainala sanazolowere kulankhula pagulu, koma anaimirira.

“Ine ndinkadziwa kuti dzungu limafuna mvula ndi manyowa,” anatero. “Sindinkadziwa kuti limafunanso njuchi. Ndinatsala pang'ono kutaya mwana ndi mnzanga chifukwa chosafunsa. Mukaona maungu akugwa, musayambe n'kufuna munthu. Dzukani m'mawa, mukaone ngati m'munda mwanu muli njuchi.”

Pamsonkhano womwewo anthu anagwirizana kuti mitengo ya pamanda ndi ya m'mbali mwa dambo isadulidwe, ndipo m'chilimwe asatenthe tchire la m'malire, poti ndi mmene njuchi zambiri zimabisala kudikira mvula.

Zimene anaphunzira Fainala ndi za mlimi aliyense. Maungu ali ndi maluwa achimuna ndi achikazi, ndipo sabereka popanda njuchi zonyamula mungu. Njuchi zimenezi ndi zakwathu, zimagwira ntchito yaulere, koma zimafuna pokhala ndi chakudya. Tisapopere mankhwala a fodya pa mbewu zodya. Tisapopere mankhwala alionse maluwa ali otseguka. Chiluwe tizithyola dzuwa litakwera. Tisiyeko mitengo, zipika zouma ndi tchire la m'malire. Njuchi zikasowa, tipake tokha mungu m'mawa podikira kuti zibwerere, ndipo chimene sitikuchimvetsa tifunse alangizi tisanaloze mnzathu chala. Mlimi wosunga njuchi ndiye amadya maungu mwezi wa njala.